Malo a Lagrange

Malo a Lagrange ndi malo asanu a m'mlengalenga kumene chinthu chaching'ono, monga setilaiti kapena telesikopu, chimatha kuyendera limodzi ndi zinthu ziwiri zikuluzikulu zimene china chikuzungulira chinzake, monga dzuwa ndi dziko lapansi. Malowa amatchulidwa mwachidule kuti L1, L2, L3, L4 ndi L5. Dziko lapansi ndi mwezi zili ndi malo akeake asanu, chimodzimodzinso dzuwa ndi Jupiter, koma amene amatchuka kwambiri ndi L1 ndi L2 a dzuwa ndi dziko lapansi, chifukwa n'kumene mabungwe ofufuza zakuthambo amatumiza matelesikopu awo ambiri okwera mtengo.

Mbiri yake

Malowa anapezeka ndi masamu kalekale roketi isanapangidwe. Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, anapeza malo atatu oyambirira m'zaka za m'ma 1760. Mu 1772 Joseph-Louis Lagrange, yemwe anabadwira ku Turin mu 1736, anapeza awiri otsalawo, ndipo onse asanu anatenga dzina lake. Umboni wooneka unabwera mu 1906 pamene Max Wolf wa ku Germany anatulukira mwala waukulu wa m'mlengalenga, umene unatchedwa Achilles, ukuyenda patsogolo pa Jupiter pamalo a L4. Chombo choyamba kukhazikitsidwa pa malo a Lagrange chinali ISEE-3, chomwe chinatumizidwa ku L1 mu 1978.

Mmene malowa amagwirira ntchito

Chinthu chikakhala pafupi ndi dzuwa chimalizungulira msanga, chikakhala kutali chimachedwa. Venus amamaliza ulendo wake m'masiku 225, dziko lapansi m'masiku 365, pamene Mars amatenga masiku 687. Choncho setilaiti yoikidwa pakati pa dziko ndi dzuwa iyenera kulisiya dziko m'mbuyo, ndipo yoikidwa kunja kwake iyenera kutsalira.

Pa L1 zimenezi sizichitika. Malowa ali pakati pa dzuwa ndi dziko, makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera kudziko, ndipo mphamvu yokoka ya dziko imachepetsako mphamvu yokoka ya dzuwa. Setilaiti ya pamenepo imazungulira dzuwa m'chaka chimodzi ndendende. L2 ili pamtunda wofanana ndi womwewo koma kuseri kwa dziko. Kumeneko dzuwa ndi dziko zimakokera mbali imodzi, ndipo mphamvu yowonjezerayo imachititsa kuti setilaiti isatsalire. Mtunda umenewu ndi pafupifupi kuwirikiza kanayi mtunda wopita kumwezi, koma ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 100 a mtunda wopita kudzuwa.

Anthu ambiri amanena kuti awa ndi malo amene mphamvu zokoka za dzuwa ndi dziko zimafafanizana. Kufotokoza kumeneku n'kosalondola. Malo amene mphamvu ziwirizi zimafanana ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 260,000 kuchokera kudziko, ndipo chinthu sichingakhazikike pamenepo. Pa malo a Lagrange mphamvu yokoka imatsalapo, ndipo yotsalayo ndi imene imakwanira bwino kuyendetsa chinthu pa liwiro la dziko.

L3 ili kuseri kwa dzuwa, sioneka kuchokera kudziko, ndipo palibe chombo chimene chaikidwako. L4 ndi L5 zili m'njira ya dziko momwemo, ina madigiri 60 kutsogolo, ina madigiri 60 kumbuyo.

Kukhazikika ndi kusakhazikika

L4 ndi L5 ndi malo okhazikika: chinthu chikasuntha pang'ono chimangozungulirazungulira pompo, malinga chachikulu mwa zinthu ziwirizo chikhale cholemera kuposa chinzake maulendo pafupifupi 25. N'chifukwa chake miyala masauzande ambiri inaunjikana pa L4 ndi L5 za Jupiter. Chombo cha NASA chotchedwa Lucy chinanyamuka mu Okutobala 2021 kukaona ina mwa miyalayi.

L1, L2 ndi L3 n'zosiyana. Kukhala pamenepo kuli ngati kusenza mtsuko wa madzi osagwirira: zimatheka, koma khosi silipuma. Chombo chikapatuka pang'ono chimapitirira kupatuka, ndipo pa L1 ndi L2 m'milungu yowerengeka chimakhala chitachoka. Pachifukwa ichi matelesikopu sakhala pa L1 kapena L2 penipeni. Amazungulira malowo patali, ngakhale kuti pakatipo palibe chilichonse, ndipo nthawi ndi nthawi amayatsa timainjini tawo kuti abwerere m'njira. Mafuta akatha, ntchito yathanso. Ubwino wake ndi wakuti malo osakhazikikawa sasunga fumbi ndi miyala.

Matelesikopu a pa L2

Telesikopu imene ili pa L2 imaona dzuwa, dziko ndi mwezi zonse zili mbali imodzi. Chotchinga chimodzi chimakwanira kubisa zonse zitatu, ndipo mbali inayo imakhala yamdima ndi yozizira usana ndi usiku. Telesikopu ya Hubble, imene imazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 500, ilibe mwayi umenewu: dziko limaitchinga, ndipo imalowa m'dzuwa ndi kutulukamo pa ulendo uliwonse wa mphindi pafupifupi 95.

WMAP inapita ku L2 mu 2001 kukayeza kuwala kwakale kwambiri kwa chilengedwe. Herschel ndi Planck za bungwe la European Space Agency zinanyamukira limodzi pa 14 Meyi 2009. Gaia, yomwe inanyamuka mu Disembala 2013, inayeza malo ndi kayendedwe ka nyenyezi zoposa biliyoni imodzi, ndipo inazimitsidwa mu Malichi 2025. Euclid inatsatira pa 1 Julayi 2023.

Yotchuka koposa ndi James Webb Space Telescope. Inanyamuka pa 25 Disembala 2021 ku Kourou, French Guiana, pa roketi ya Ariane 5, ndipo inafika pa 24 Januwale 2022. Galasi lake ndi la mamita 6.5 m'mimba mwake, lopangidwa ndi zigawo 18 zokutidwa ndi golide. Telesikopuyi imaona kuwala kwa infrared, komwe khungu limakumva ngati kutentha, motero iyo yokha ikafunda singaone kanthu. Chotchinga chake cha nsalu zisanu, chachikulu mamita pafupifupi 21 m'litali ndi 14 m'lifupi, chimachititsa kuti mbali ya galasi izizire kufika madigiri 233 pansi pa ziro. Webb imazungulira L2 kamodzi pa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, ndipo njira yake ndi yotakata dala kuti isalowe mumthunzi wa dziko, poti magetsi ake ndi a sola.

Choipa cha L2 ndi kutalika. Hubble anthu anapita kukaikonza kasanu pakati pa 1993 ndi 2009, kuphatikizapo ulendo wokonza vuto la galasi lake. Ku L2 sikunafikepo munthu. Chotchinga cha Webb chikanakana kutambasuka, ntchito ya ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni ikanathera pomwepo.

L1 ndi nyengo ya kudzuwa

Pa L1 dzuwa sililowa. SOHO yakhala ikuliyang'ana kuyambira pamene inatumizidwa mu Disembala 1995, ndipo dziko la India linafikitsako Aditya-L1 mu Januwale 2024. Zombo monga ACE zimayeza mphepo ya tinthu tamagetsi yochokera kudzuwa isanafike kuno, ndipo zimapereka chenjezo la mphindi pakati pa 15 ndi 60. Mphepoyi ikakula imasokoneza mawailesi a ndege, GPS ndi mawaya akuluakulu a magetsi. Ku Africa ntchito yotsatira nyengo imeneyi imachitikira ku Hermanus, South Africa, pansi pa bungwe la SANSA.

Kuchokera ku Malawi

Webb itangopatukana ndi roketi yake, akatswiri analumikizana nayo kudzera pa siteshoni ya Malindi, wa ku Kenya osati wa ku Mangochi, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la zakuthambo la Italy.

L2 nthawi zonse imakhala mbali yotsutsana ndi dzuwa: imatuluka kum'mawa dzuwa likamalowa, ndipo imafika pamwamba pakati pa usiku. Njira yapafupi yodziwira mbali yake ndi kuyang'ana mwezi ukakhala wathunthu, chifukwa tsiku limenelo mwezi umakhala chakumeneko. Ku Dedza, komwe kuli madigiri pafupifupi 14 kum'mwera kwa equator, L2 imadutsa paliwombo penipeni pakati pa usiku chakumapeto kwa Epulo ndi pakati pa Ogasiti. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi imapendekera pang'ono kum'mwera. Ngakhale pamwamba pa phiri la Dedza, mamita 2,198, matelesikopu a kumeneko saoneka ndi maso chifukwa ndi aang'ono ndiponso ali kutali kwambiri, koma anthu okonda zakuthambo m'mayiko osiyanasiyana anajambulapo Webb pogwiritsa ntchito telesikopu ndi kamera, ikuoneka ngati kadontho koyenda pakati pa nyenyezi.