Mphepo ya ku Turkana ndi msipu wa ngamila

Malaiti akazima kuno kwathu, timalakalaka magetsi ocokera kulikonse, ngakhale ku mphepo. Anzathu a ku Kenya anawapeza magetsi otero, koma anabwera ndi mlandu wa malo.

Kum'mawa kwa nyanja ya Turkana, m'dera la Marsabit, mphepo imaomba mwamphamvu pafupifupi caka conse. Mu 2009 kampani ya Lake Turkana Wind Power inapatsidwa maeka 150,000 kumene Arendille, Asamburu ndi Aturkana amadyetsako ngamila ndi mbuzi. Malowo anali m'manja mwa khonsolo, imene nchito yake inali kungowasungira eni ake. Kwa wolemba mapepala mu ofesi, cinali cipululu cabe. Koma m'busa amadziwa kuti msipu wopanda ziweto lero ndiwo udzapulumutsa khola lake cilala cikafika.

Mu 2014 anthu anakasuma ku khoti ya ku Meru, kudandaula kuti sanafunsidwe monga mwa lamulo. Mlandu unayenda mwa kamba, nchito yomanga inathamanga. Mudzi wa Sarima unasunthidwa (ife amene timakumbukira za Atonga a ku Gwembe ndi damu la Kariba, izi sitikuzimva koyamba), makina 365 anaimikidwa, ndipo mu July 2019 Pulezidenti Uhuru Kenyatta anawatsegulira.

Cigamulo cinabwera mu October 2021: mapepala a malowo anaperekedwa mosatsata lamulo. Oweruza sanalamule kuti makina agwetsedwe. Anapereka miyezi 12 yokonzera colakwaco. Abusa anabwerera kwao atawina mlandu, mapiko a makina akuzungulirabe pamwamba pa msipu wao.