Makina Akagulitsa, Mlandu ndi wa Yani?



Sabata yatha ndinalandira uthenga kuchokera kwa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa History zaka zapitazo. Pano ndi mayi wa ana awiri ndipo akukhala ku Leeds, ku England. Wasunga kandalama ndipo akufuna kugula makina awiri ogulitsa zakumwa ndi maswiti, aja umaponyamo ndalama n'kudina batani, botolo n'kugwa lokha. Akuti akawaika pagalaja ya mnzake wina. Atafotokoza zonsezi anandifunsa mwanthabwala kuti, "Aphunzitsi, makinawo akadzagulitsa chinthu choola, adzagwira ndani poti ine ndidzakhala ndili mtulo kunyumba?" Iye ankaseka, koma funso limeneli ndi lakale, ndipo dziko limene akukhalalo lakhala likulimbana nalo kwa zaka zoposa 200. Ine sindine loya, ndingofotokoza mbiri yake monga ndimachitira m'kalasi.

Nzeru yogulitsa malonda popanda wogulitsa siyatsopano. M'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, katswiri wina wa ku Alexandria ku Egypt, dzina lake Hero, analemba za chipangizo chogawa madzi opatulika pakachisi. Munthu akaponya khobidi, kulemera kwake kunkatsegula potulukira madzi, ndipo khobidilo likatsetsereka n'kugwa, madzi ankasiya. Ku England nako, m'malo omwera mowa a m'zaka za m'ma 1700 munkapezeka timabokosi ta fodya. Ukaponya khobidi chivundikiro chinkatseguka, iwe n'kutapa wongokwana kusuta kamodzi, n'kutseka wekha. Apa lamulo linalibe nazo ntchito kwenikweni, chifukwa mwini malo anali pomwepo ndipo aliyense ankamudziwa.

Nkhani inavuta ndi munthu wina wotchedwa Richard Carlile. Anabadwira ku Devon mu 1790 ndipo ntchito imene anaphunzira inali yokhoma zitini, koma atafika ku London anayamba kusindikiza ndi kugulitsa mabuku odzudzula boma ndi mpingo. Pa 16 Ogasiti 1819 analipo ku Manchester pamene asilikali apakavalo anathamangira khamu la anthu amene anasonkhana kupempha ufulu wovota, chipolowe chimene chimatchedwa Peterloo, ndipo analemba zimene anaona. Mu Okutobala chaka chomwecho khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wonyoza Mulungu chifukwa chosindikiza buku la Thomas Paine lotchedwa The Age of Reason. Anamulamula kukhala m'ndende ya Dorchester zaka zitatu ndi kulipira chindapusa cha mapaundi 1,500.

Bizinesi yake sinathere pomwepo. Mkazi wake Jane anapitiriza kugulitsa mabukuwo mpaka naye anamangidwa mu 1821. Mlongo wake Mary-Ann analowa m'malo, nayenso anamangidwa chaka chomwecho. Kenaka anthu odzipereka, ambiri a iwo amisiri wamba, anayamba kubwera kuchokera m'madera osiyanasiyana kudzaima kuseri kwa kauntala, akudziwa bwino lomwe kuti mapeto ake ndi ndende. Amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi kuno kwathu, pamene bungwe la Censorship Board lomwe linakhazikitsidwa mu 1968 linkaletsa mabuku, tikudziwa kuti kusunga buku loletsedwa si masewera.

Tsopano taonani mmene milandu imeneyi inkayendera. Mabungwe amene ankadana ndi mabukuwa ankatuma munthu wawo kusitolo ngati wogula wamba. Munthuyo ankagula buku, n'kuyang'anitsitsa nkhope ya womugulitsa, tsiku la mlandu n'kudzaima m'khoti ngati mboni, n'kuloza chala kuti amene anandigulitsa ndi uyu. Mlandu wonse unkatsamira pa chala chimenecho.

Cha m'ma 1822, Carlile akadali m'ndende, m'sitolo mwake munaikidwa chipangizo chothana ndi chala cha mboni. Pakhoma panali chinthu chooneka ngati wotchi, koma m'malo mwa manambala panalembedwa maina a mabuku. Wogula ankatembenuza muvi n'kuuloza pa buku limene akufuna, n'kuponya ndalama pakabowo, bukulo n'kugwera patsogolo pake. Kunena zoona sanali makina enieni, chifukwa kuseri kunkakhala munthu amene ankalandira ndalama ndi kuponya bukulo. Koma wogula sankamuona, ndiye akaloza ndani m'khoti?

Nzeruyi sinathetse mavuto awo. Mu 1824 gulu lina la anyamata a m'sitoloyo linazengedwa milandu ku Old Bailey n'kutsekeredwa m'ndende ya Newgate, ena mpaka zaka zitatu. Carlile mwiniwake anatuluka mu Novembala 1825, atakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'malo mwa zitatu chifukwa chindapusa chija sanalipire. Komabe munthuyu anaona kanthu kamene opanga malamulo anali asanakaganizire. Malamulo a malonda anamangidwa pa anthu awiri oyang'anizana, wogula ndi wogulitsa. Ukachotsapo mmodzi, lamulo limakhala ngati lasowa pogwira.

Ndikafika pamenepa m'kalasi ndimafunsa ana kuti, mbuzi ikalowa m'munda mwa mnansi n'kudya chimanga, kwa amfumu amaitana ndani? Onse amayankha pamodzi kuti mwini mbuzi. Palibe amene anamvapo mbuzi ikuyankha mlandu pabwalo. Yankho limene a ku Britain anafikapo ndi lomweli, kungoti iwo linawatengera nthawi, ndipo linabwera pang'onopang'ono, vuto likabuka ndiye lamulo n'kutsatira.

Makina enieni anafala kuyambira mu 1883, pamene Percival Everitt anapanga ogulitsa mapositikhadi, omwe anaikidwa m'masiteshoni a sitima. Posakhalitsa kunabwera a maswiti, a machesi ndi a ndudu. Vuto loyamba linali la ana. Wogulitsa m'sitolo amatha kuona kuti amene waima patsogolo pake ndi mwana, koma makina amangodziwa kulemera kwa khobidi. Lamulo la Children Act la 1908 linaletsa kugulitsa ndudu kwa ana osakwana zaka 16, ndipo linaperekanso mphamvu kwa khoti kuti likapeza umboni woti ana akugula kwambiri ndudu pamakina ena ake, lilamule mwini wake kapena mwini malo kuti achitepo kanthu, apo ayi awachotse. Onani kuti lamulo silinavutike kufunafuna amene anagulitsa ndudu tsiku limenelo. Linangolunjika kwa mwini mbuzi.

Vuto lachiwiri linali la pangano pakati pa wogula ndi makina. Mu 1964 munthu wina woimba lipenga, Francis Thornton, anakasiya galimoto yake pamalo oimikapo magalimoto ku London. Pachipata makina anamupatsa tikiti, ndipo patikitipo panalembedwa kuti malamulo a malowo aikidwa mkati. Limodzi mwa malamulowo linkati eni malo sadzayankha mlandu munthu akavulala. Pobwera kudzatenga galimoto Thornton anavulaladi, ndipo kampani ya Shoe Lane Parking inakana kulipira. Mu Disembala 1970 khoti la apilo, motsogozedwa ndi Lord Denning, linagamula kuti kampaniyo ilipire. Maganizo a Denning anali akuti mwini makina ndiye amene akuitanira malonda kudzera m'makinawo, ndipo pangano limatha pamene wogula wachita mbali yake. Munthu sangakangane ndi makina kapena kuwabwezera tikiti, choncho mfundo iliyonse yobwera pambuyo pake yachedwa. Ngati mwini makina ali ndi mawu, awalembe poonekera munthu asanaponye ndalama.

Nkhani ya ndudu ija inadzatha patapita zaka zoposa 100. Mu 2007 zaka zololedwa kugula fodya zinakwezedwa kuchoka pa 16 kufika pa 18, koma achinyamata ankapezabe ndudu pamakina a m'mabala. Nyumba ya Malamulo inavomereza Health Act ya 2009, ndipo ngakhale kampani ya Sinclair Collis, yomwe inali ndi makina ambiri a ndudu, inakatsutsa kukhoti, inagonja. Kuyambira pa 1 Okutobala 2011 kugulitsa fodya pamakina n'koletsedwa ku England. Wales ndi Northern Ireland anatsatira mu 2012, Scotland mu 2013. Amene amayankha mlandu ndi woyang'anira malo amene makinawo aikidwa, ndipo chindapusa chake chinaikidwa kuti chizifika mapaundi 2,500.

Tisaganize kuti lamulo limangopanikiza makina nthawi zonse. Ku England ndi Wales, munthu wogulitsa chakudya kapena chakumwa chotentha pakati pa 11 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa amafunika layisensi, malinga ndi Licensing Act ya 2003. Koma tiyi kapena khofi wa pamakina, amene wogula amaponya yekha ndalama n'kudzitengera yekha, lamulo lomwelo linamupatula, safuna layisensi imeneyo. Opanga malamulo amayeza kuopsa kwa chinthu chogulitsidwacho: kapu ya tiyi anaisiya, ndudu anaichotsa.

Nanga mtsikana wanga uja ndinamuyankha bwanji? Ndinamuuza kuti ku England kulibe layisensi imodzi yotchedwa ya makina ogulitsira, koma zimenezo sizitanthauza kuti palibe zoyenera kuchita. Popeza zakumwa ndi maswiti ndi chakudya, ayenera kulembetsa bizinesi yake kukhonsolo masiku osachepera 28 asanayambe kugulitsa. Kulembetsako ndi kwaulere, ndipo kukatero a zaumoyo a kukhonsolo amadziwa khomo loti agogode. Ayenera kulemberana pangano ndi mwini galaja, ngakhale ndi mnzake, kuti zidziwike wolipira magetsi ndani ndipo phindu aligawana bwanji. Akafuna kuika makina pamsewu ayambe wapempha chilolezo kukhonsolo. A msonkho, omwe kumeneko ndi HMRC, ayeneranso kumudziwa. Ndipo kwa inu ena amene muli kumeneko pa visa ya sukulu, chenjerani, visa imeneyo silola munthu kuchita bizinesi yakeyake, ngakhale ikhale ya makina ogwira ntchito iwe uli m'kalasi. Zina zonse akafunse kukhonsolo ya kwawoko asanatulutse ndalama yake.

Pomaliza ndinamuuza kuti akadzagula makinawo, amate kutsogolo kwake pepala lokhala ndi dzina la bizinesi yake ndi nambala ya foni, kuti amene ndalama yake yamezedwa adziwe koimba. Carlile anabisa nkhope ya wogulitsa chifukwa ankagulitsa zimene boma linkaopa, ndipo ine ndimamulemekeza chifukwa iye ndi anzake analipira ufulu wowerenga ndi zaka zawo m'ndende. Koma wogulitsa maswiti alibe chifukwa chobisalira. Mtsikanayo anayankha kuti wamva, ndipo anawonjezera kuti nkhani ya mbuzi ija ankaikumbukira kuchokera ku Fomu 3, kungoti sankadziwa kuti tsiku lina mwini mbuzi adzakhala iyeyo.

Aphunzitsi anzanga amene mukuphunzitsa za kusintha kwa mafakitale ku Britain, yesani kuyamba phunzirolo ndi sitolo ya Carlile. Jambulani wotchi ija pabolodi, muitane mwana mmodzi akhale mboni, mumufunse kuti aloze amene wamugulitsa buku.