Mbiri ya a Nicolas Joel, mkulu wa zisudzo za opera ku France

Malemu a Nicolas Joel anali katswiri wokonza zisudzo za opera, zomwe ochita sewero amayimba m'malo moyankhula. Iwo anabadwira mumzinda wa Paris m'chaka cha 1953.

Ntchitoyi anayiphunzira pothandizira akatswiri ena, kuphatikizapo a Patrice Chéreau pa chikondwerero cha ku Bayreuth m'dziko la Germany mu 1976. Kuyambira 1990 mpaka 2009 anatsogolera nyumba ya zisudzo ya Capitole mumzinda wa Toulouse.

Mu 2008 anadwala matenda ofa ziwalo, komabe chaka chotsatira analowa m'malo mwa a Gerard Mortier ngati mkulu wa Opéra de Paris. Awiriwa ankasiyana maganizo kwambiri. A Mortier ankakonda kutenga zisudzo zakale n'kuziveka zamakono, pomwe a Joel ankafuna kuti sewero lioneke monga mlembi wake analikonzera, mawu a oyimba ali patsogolo. N'chifukwa chake sewero lomwe anatsegulira nalo ntchito, Mireille la Charles Gounod, olemba nkhani ambiri analidzudzula kuti n'lachikale. Koma anthu sanasiye kudzaza mipando.

Iwo anatula pansi udindowu mu 2014, ndipo a Stéphane Lissner ndiwo anawalowa m'malo. A Joel anamwalira mu June 2020.