Mbiri ya Nkhondo ya Malipiro Okwanira mu Mzinda wa London

Umphawi wa anthu amene ali pantchito ndi nkhani yakale mu mzinda wa London. Mu 1886, Charles Booth, mwini kampani ya sitima zapamadzi wochokera ku Liverpool, anayamba kafukufuku wa msewu ndi msewu pofuna kudziwa mmene anthu ankakhalira. Anapeza kuti anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse anali osauka, ndipo anajambula mapu, n'kupaka misewu mitundu yosiyanasiyana malinga ndi kapezedwe ka okhalamo. Ku York, buku la Seebohm Rowntree la mu 1901 linaonetsa kuti chimene chinkagwetsa mabanja ambiri mu umphawi wadzaoneni chinali kuchepa kwa malipiro, osati ulesi monga ankanenera anthu opeza bwino.

Apantchito nawo sanakhale manja lende. Mu 1888, atsikana opanga machesi pafakitale ya Bryant & May ku Bow ananyanyala ntchito, ndipo chaka chotsatira ogwira ntchito padoko anachitanso chimodzimodzi mpaka atapatsidwa mapeni 6 pa ola. Mu 1909 boma linakhazikitsa makomiti oika malipiro otsikitsitsa m'ntchito zingapo, koma pafupifupi onse anathetsedwa mu 1993. Lamulo lokhudza dziko lonse linayamba kugwira ntchito mu Epulo 1999, pa £3.60 pa ola. Ku London, kumene lendi ndi mayendedwe zimadula koopsa, ndalama imeneyi inkangothera m'manja.

Apa ndi pamene panayambira nkhondo yatsopano. Mu 1996, mipingo, mizikiti, masukulu ndi nthambi za mabungwe a apantchito kum'mawa kwa London anapanga mgwirizano wotchedwa TELCO, motsogozedwa ndi Neil Jameson. Pamisonkhano yawo dandaulo limodzi silinkasowa: makolo ankagwira ntchito ziwiri kapena zitatu, kuchoka ana ali mtulo n'kubwerako atagonanso, koma chakudya osakwanira. Atsogoleriwa anatengera nzeru ku Baltimore, ku America, kumene abusa anaona kuti ambiri mwa odzalandira chakudya chaulere kutchalitchi anali anthu apantchito, ndipo mu 1994 mzindawo unakhazikitsa lamulo la malipiro okwanira kwa makampani ogwirira ntchito khonsolo. Mu 2001 TELCO inayambitsa kampeni yake ya Living Wage, yofuna malipiro owerengedwa potengera mtengo weniweni wolerera banja.

Chopinga chachikulu chinali choti oyeretsa, alonda ndi ophika ambiri sankalembedwanso ndi eni malo amene ankagwirapo ntchito. Banki kapena chipatala chinkapereka kontirakiti ku kampani yotchipa kuposa zonse, kampaniyo n'kufinya antchito. Woyeretsa akadandaula, mwini nyumba ankati si wantchito wake, wakontirakiti n'kumati ndalama zimene amapatsidwa n'zomwezo. Nzeru ya TELCO inali kusiya wakontirakiti n'kulunjika kwa mwini ndalamayo, pamaso pa anthu.

Chitsanzo chimene chimakumbukikabe ndi cha mu 2003. A kampeni anagula masheya ochepa a banki ya HSBC kuti akhale ndi ufulu wolowa mumsonkhano wapachaka wa eni masheya. Kumeneko Abdul Durrant, amene ankayeretsa maofesi a bankiyo usiku ku Canary Wharf, anaimirira n'kulankhula ndi wapampando, Sir John Bond. Anamuuza kuti awiriwo amagwira ntchito m'nyumba imodzi koma moyo wawo ndi wosiyana kutali, ndipo kuti £5 pa ola sinkakwanira kulerera ana ake. Munthu amene mabwana sankakumana naye chifukwa ankafika iwo ataweruka anaonekera poyera, atolankhani ali pomwepo. Pasanapite nthawi yaitali, Barclays ndi HSBC anakweza malipiro a oyeretsa, ndipo zipatala zina za kum'mawa kwa London zinachitanso chimodzimodzi.

Andale anatsatira pambuyo. Mu 2005, meya Ken Livingstone anatsegula ofesi yowerengera mlingo wa Living Wage, ndipo woyamba unali £6.70 pa ola. Koleji ya Queen Mary inavomera kulipira motero mu 2006, ndipo okonza masewero a Olimpiki a mu 2012 analonjezanso zomwezo. Mu 2011 kunabadwa Living Wage Foundation, yomwe imapereka chizindikiro kwa olemba ntchito olipira mlingowu kwa antchito awo komanso kwa amakontirakiti ogwira pamalo pawo. Chaka chimenecho mlingo unali £8.30 ku London ndi £7.20 kwina konse. Pofika mu 2024 unakwera kufika £13.85 ndi £12.60, ndipo olemba ntchito oposa 15,000 anali atalowamo.

Dzinali litatchuka, boma linalibwereka. Mu 2016 nduna ya zachuma George Osborne anayambitsa National Living Wage, pa £7.20 kwa azaka 25 kupita m'mwamba. Uwu ndi mlingo walamulo, koma umawerengedwa potengera malipiro a anthu ena m'dziko osati mtengo wa zinthu, ndipo suganizira kudula kwa London. Kusiyana kumeneku si kochepa kwa mayi amene theka la malipiro ake limathera kulendi.

Mlingo wa Living Wage Foundation sukakamiza munthu, ndipo kufooka kwake kuli pomwepo. Ntchito zosamalira okalamba ndi odwala, zimene anthu ambiri ochokera ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia amagwira ku Britain, zikadali m'gulu la zolipira pang'ono. Komanso malipiro abwino pa ola sapindula kwa munthu wosadziwa maola amene apatsidwe sabata yamawa. N'chifukwa chake mu 2019 bungweli linayambitsa Living Hours, yopempha olemba ntchito kutsimikizira wantchito maola osachepera 16 pa sabata ndi kumudziwitsa ndandanda ya ntchito kudakali milungu inayi.