Momwe Japan inaphunzitsira London kujambula usiku wake

Ambiri mwa ife amene tikukhala kuno ku Britain tinaphunzira mbiri ya dziko lino ngati ya dziko lotumiza, lomwe linkatumiza amishoni, nsalu, malamulo ndi chinenero. Komatu m'chaka cha 1859, chomwe David Livingstone anafika pa Nyanja ya Malawi, mu London munakhazikika mnyamata wojambula wa ku America, James McNeill Whistler, ndipo ntchito yake ndi umboni wakuti Britain inkalandiranso. Mfundo yanga ndi yakuti zithunzi zake za mtsinje wa Thames usiku, zomwe lero eni dziko amazinyadira, zinabadwa m'maganizo a ku Japan. Chimene chinabwerekedwa kumeneko ndi lingaliro lenilenilo la ntchito ya chithunzi.

Japan inadzitsekera kwa zaka zoposa 200. Itasainirana pangano la malonda ndi Britain mu 1858, katundu wake anayamba kufika, ndipo pa chionetsero chachikulu cha mu London mu 1862 anthu anaona zinthu zomwe kazembe Rutherford Alcock anasonkhanitsa ku Japan. Pakati pa katundu yemwe ankalowa ku Ulaya panali zithunzi zodinda ndi matabwa osema, za akatswiri monga Hokusai ndi Hiroshige. Nthawi imeneyo chithunzi cha penti wamafuta chinkayenera kusimba nkhani, ya m'Baibulo, ya mbiri kapena ya makhalidwe, ndipo tsamba lililonse la mtengo linkafunika kuoneka. Hiroshige analibe nazo ntchito zimenezo. Ankadula mlatho kapena mtengo m'mphepete mwa pepala, ankasiya malo aakulu opanda kanthu, ankakhutira ndi mitundu yochepa, podalira kuti woona amalizitsa yekha zotsalazo.

Taonani chithunzi cha Whistler cha mlatho wakale wamatabwa wa Battersea, chomwe anajambula m'zaka zoyambirira za m'ma 1870 ndipo chimasungidwa ku Tate Britain. Mzati umodzi wautali waima pakati, mlathowo wapingasa kumwamba ngati mtanda wa denga, pansi pali munthu pabwato, ndipo zina zonse zasungunuka mu buluu wa madzi ndi thambo. Penti anamusungunula kwambiri mpaka kuyenderera pachinsalu ngati inki. Chikaikidwa pambali pa chithunzi cha Hiroshige cha mlatho wa Kyobashi mumzinda wa Edo ku Japan, chibale chake sichibisika. Mulibe nkhani, mulibe phunziro, muli bata la usiku basi, ndipo kwa ine apa ndi pamene kujambula kwamakono kunayambira kuno.

Kajambulidwe kameneka kanamuwawitsa mutu Whistler. Mu 1877 John Ruskin, yemwe mawu ake pa zaluso ankaopedwa dziko lonse, anaona chithunzi china chausiku chomwe Whistler ankagulitsa ma guinea 200, nalemba kuti kumeneko kunali kungowaza anthu penti kumaso. Whistler anamusumira. Mu 1878 khoti linamukomera, koma chipukuta misozi chinali farthing imodzi, gawo limodzi mwa magawo anayi a peni, ndipo chaka chotsatira anagwa mu ngongole mpaka kulandidwa katundu.

Ena amati zonsezi zinali fashoni chabe, popeza Whistler sanapondepo ku Japan. Pa zithunzi zake za 1864, momwe akazi achizungu avala kimono pakati pa mbale ndi zotchingira za Kum'mawa, akunena zoona. Koma m'zithunzi zausiku zija mulibe kimono kapena mbale. Katundu wa ku Japan wachoka, kaganizidwe ndi komwe katsala. Enanso amati wojambula wina, Turner, anajambula kale nkhungu, ndipo Whistler anaphunzira ku Paris nakonda zojambula za Velázquez. N'zoona, koma nkhungu ya Turner ndi ya namondwe ndi mphamvu, pomwe kudula mlatho chotero ndi kulola malo opanda kanthu kuti alankhule sizichokera kwa aphunzitsi amenewo. Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti nawonso ojambula a ku Japan anali atabwereka ku Ulaya: kudzera mwa amalonda achidatchi ku Nagasaki anaphunzira kuonetsa kutalika kwa mtunda, ndipo buluu wotchuka wa Hokusai ndi utoto womwe unapangidwa koyamba ku Berlin. Izi sindikuzikana, koma zikungolimbitsa mfundo yanga, chifukwa chomwe chinapita ku Edo chinabwerako chitasinthika kotheratu, mpaka Ruskin osachizindikira.

Mlatho wamatabwa uja anaugwetsa mu 1885. Chithunzi chake chinaperekedwa ku Tate mu 1905, patatha zaka ziwiri Whistler atamwalira. Kulowa ku Tate Britain n'kwaulere; inu amene muli mu London, pitani ndi ana anu mukawauze kumene usiku umenewo unachokera.