Likodzo ndi Matenda a Impso m'Mbali mwa Nyanja ku Lifuwu

Ku Lifuwu, m'boma la Salima, moyo wa anthu wakhala wodalira madzi kuyambira kale, popeza asodzi amakoka makoka m'nyanja pomwe alimi amatha tsiku lonse ataima m'madzi a m'minda ya mpunga, mbewu imene boma linaikhazikitsira malo ochitira kafukufuku pamalopa. Madzi odekha oterewa ndi amenenso amasunga nkhono za mtundu wa Bulinus, zimene zimalera tizilombo ta likodzo tisanalowe m'thupi la munthu kudzera pakhungu.

Kwa mibadwo yambiri, chizindikiro choyamba cha nthendayi, chomwe ndi magazi otuluka kumapeto kwa mkodzo, sichinkaonedwa ngati matenda, ndipo m'madera ambiri a kunyanja mnyamata wokodza magazi ankangoti wayamba kukula. Vuto lenileni limabwera mochedwa, chifukwa mazira a tizilomboti amakanirira m'chikhodzodzo ndi m'timitsempha totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, n'kusiya zipsera zimene zimatseka njira, kotero kuti mkodzo umabwerera ndi kufufumitsa impso mpaka minofu yake yosefa magazi itawonongeka. Pofika pamenepa wodwala amatupa mapazi ndi nkhope, makamaka m'mawa, amamva kuwawa m'chiuno, amafooka ndi kuchita nseru, magazi amathamanga kwambiri, ndipo mkodzo umachepa kapena kuchita thovu. Popeza pakati pa magazi a paunyamata ndi kutupa kwa paukulu pamadutsa zaka zambiri, kunali kovuta kuona kuti ziwirizi ndi nkhani imodzi, ndipo kutupako kawirikawiri kunkamasuliridwa ngati mdulo kapena tsempho, nthenda imene Achewa amati imagwira munthu wina akaphwanya mwambo wa m'nyumba. Kumasulira kumeneku sikuyenera kunyozedwa, pakuti nawonso madokotala a ku Ulaya anatenga nthawi yaitali asanamvetse gwero la nthendayi.

Theodor Bilharz anapeza tizilomboti mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1851, koma zinatengera Robert Leiper, mu 1915, kuonetsa kuti timadutsa mu nkhono. Mankhwala oyamba, a antimony, amene John Christopherson anawagwiritsa ntchito ku Khartoum mu 1918, anali jakisoni wowawa wobayidwa kwa masabata angapo, ndipo odwala ambiri ankasiyira panjira. Zinthu zinasintha pamene praziquantel anapezeka m'zaka za m'ma 1970, chifukwa mapiritsi omwa tsiku limodzi anapereka mpata woti ana azilandira mankhwala pasukulu pomwe, monga mmene Unduna wa Zaumoyo ukuchitira tsopano.

Nyanja nayo yasintha. Akatswiri Jay Stauffer ndi Henry Madsen, pofufuza ku Cape Maclear, anaonetsa kuti likodzo linachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyezo, ndipo nkhono ya Bulinus nyassanus inayamba kufalitsa nthendayi ngakhale pagombe la mchenga limene kale linkaonedwa ngati lopanda chiopsezo. Ngakhale mankhwala a likodzo alipo, munthu wa ku Lifuwu amene impso zake zasiya kale kugwira ntchito amafunika makina otsuka magazi, ndipo m'zipatala za boma makina amene ali pafupi kwambiri amawapeza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene ayenera kupita kangapo pa sabata, ulendo umene mabanja ambiri a asodzi ndi alimi a mpunga sangaukwanitse.