Mother India: Mbiri ya Kanema wa Mayi, Munda ndi Ngongole

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku India, ndipo ndi mbiri ya chithunzi cha kanema chotchedwa Mother India, dzina limene litanthauza kuti Mayi India. Chithunzichi chinayamba kuonetsedwa pa 25 Okutobala 1957 mu mzinda wa Bombay, umene tsopano ukutchedwa Mumbai. Zithunzi zambiri zimene zinajambulidwa m'dzikolo pa zaka zimenezo zinaiwalika kalekale, koma ichi chikutchulidwabe, ndipo zidzukulu za anthu amene anachiona poyamba zikuchionabe. Tsono omvera angafunse kuti kodi muli chiyani m'nkhani ya mayi wosauka wa kumudzi chimene chaigwiriziza zaka zonsezi.

Amene anatsogolera ntchito yojambula chithunzichi anali Mehboob Khan, mbadwa ya m'chigawo cha Gujarat. Iye anali atajambulapo kale nkhani yomweyi m'chaka cha 1940 ndi kuitcha Aurat, ndiye kuti Mkazi. Pa nthawiyo India anali m'manja mwa Angerezi. Dzikolo litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1947, Mehboob Khan anaibwerera nkhaniyo, naikuza, naijambula ya mitundu, ndi kuipatsa dzina latsopano. Dzinali linali ndi mbiri yake yowawa. M'chaka cha 1927 mayi wina wa ku America, Katherine Mayo, analemba buku la dzina lomweli, momwe ananyoza miyambo ya Amwenye ndi kunena kuti sanali oyenera kudzilamulira. Bukulo linakwiyitsa anthu ambiri, ndipo Mahatma Gandhi analifanizira ndi lipoti la munthu woyendera ngalande za zonyansa. Potenga dzinalo patapita zaka 30, Mehboob Khan anali kuyankha chipongwe chija mwa kuonetsa mayi wa ku India monga eni dziko amamdziwira.

Nkhani yake ikuyamba pa ukwati wa Radha ndi Shamu. Pofuna kuti phwando likome, amake a mkwati anakongola ndalama zokwana marupi 500 kwa Sukhilala, mkulu wa katapila wa m'mudzimo. Popeza banjalo silinkadziwa kuwerenga, Sukhilala analemba m'buku lake zosiyana ndi zimene anagwirizana pakamwa, ndipo mlandu utafika kwa akuluakulu a mudzi, chimene chinamveka ndi cholembedwacho. Motero chaka ndi chaka iye ankatenga magawo atatu mwa magawo anayi a zokolola monga chiwongoladzanja chabe, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Pofuna kukuza munda, Shamu ndi mkazi wake anayamba kuswa mphanje pa malo a miyala, ndipo chimwala chinamphwanya Shamu manja onse awiri. Chifukwa cha manyazi odyetsedwa ndi mkazi, iye anachoka usiku osabwereranso. Pambuyo pake kunadza chigumula chimene chinakokolola nyumba ndi mbewu, ndipo mwa ana a Radha anatsala awiri okha, Ramu ndi Birju. Sukhilala anamlonjeza chakudya ngati angalole kugona naye, koma Radha anakana. Anthu a m'mudzi atamanga akatundu kuti asamuke, iye ndiye anawadandaulira kuti asasiye nthaka ya makolo awo, ndipo iwo anabwerera nalimanso.

Anawo atakula, Ramu anali wofatsa, koma Birju anakula ndi mkwiyo poona amake akulimira munthu wina, zibangili zawo za ukwati zili pa chikole. Atalimbana ndi Sukhilala anapirikitsidwa m'mudzi, nakakhala mtsogoleri wa achifwamba. Pa tsiku la ukwati wa Rupa, mwana wamkazi wa Sukhilala, Birju anabwera ndi gulu lake, napha Sukhilala, nagwira mkwatibwi kuti athawe naye pa kavalo. Radha anali atalonjeza kuti mwana wake sadzachititsa manyazi mtsikana aliyense wa m'mudzimo. Anamchenjeza, iye osamva, ndipo mayiyo anatenga mfuti nawombera mwana wake wa iye mwini, amene anafera m'manja mwake. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma Radha anakwaniritsa mawuwa pa mwana wa mdani wake, ndipo mtengo wake unali magazi a mwana amene ankamkonda koposa.

Anthu a ku India sanaione nkhaniyi ngati nthano, pakuti ngongole ya katapila inali nthenda yakale ya m'midzi yawo. M'chaka cha 1875 alimi a m'maboma a Poona ndi Ahmednagar anaukira okongoza ndalama, nalanda ndi kutentha makalata a ngongole, kotero kuti boma la Angerezi linakakamizika kukhazikitsa lamulo lopepukitsako mtolo wa alimi m'chaka cha 1879. Njala nayo inali yodziwika: ya ku Bengal ya mu 1943 inapha anthu oposa mamiliyoni awiri. Boma la Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu yoyamba ya India, linaika mtima pa ulimi wothirira, ndipo damu lalikulu la Hirakud linatsegulidwa m'chaka chomwecho cha 1957. N'chifukwa chake chithunzichi chimayamba ndi kutha ndi Radha ali nkhalamba, anthu akumpempha kuti atsegule ngalande yatsopano yothirira minda, popeza iye ndiye mayi wa mudzi. Madzi akayamba kuyenda amaoneka ofiira, kukumbutsa woonera kuti chitukukocho chinagulidwa ndi thukuta ndi magazi a osauka.

Amene anasewera ngati Radha anali Nargis, mtsikana wa zaka 28 pamene chithunzichi chinkatuluka, koma anaonetsa moyo wonse wa mayiyo kuyambira pa ukwati kufikira pa ukalamba. Sunil Dutt, amene anasewera ngati Birju, anabadwa chaka chimodzi ndi iye, cha 1929. Pojambula gawo limene milu ya udzu ikuyaka, moto unakula mosayembekezeka n'kumzinga Nargis. Sunil Dutt analowa m'motomo namtulutsa, iye mwini n'kupsa. Nargis anamdwazika, ndipo awiriwa anakwatirana m'mwezi wa Malichi 1958. Nkhani imeneyi yakhala ikusimbidwa pamodzi ndi chithunzicho mpaka lero. Nyimbo zake anazikonza Naushad, mawu ake analemba Shakeel Badayuni, ndipo ena mwa oyimba anali Lata Mangeshkar, Shamshad Begum, Mohammed Rafi ndi Manna Dey. Nkoyenera kukumbukira kuti Mehboob Khan, Naushad ndi Shakeel Badayuni anali Asilamu, pamene mayi amene anamkweza monga chizindikiro cha dziko anali Mhindu. Izi zinachitika patangopita zaka khumi kuchokera pamene India ndi Pakistan anagawikana, anthu mazana a zikwi n'kuphana chifukwa cha zipembedzo.

Chithunzichi chinalandiridwa ndi manja awiri. Ku holo ya kanema ya Liberty mu Bombay chinaonetsedwa kwa chaka chathunthu. Chinapata mphoto za Filmfare za chithunzi chopambana, mtsogoleri wopambana ndi mkazi wosewera bwino koposa. M'chaka cha 1958 chinakhala chithunzi choyamba cha ku India kulowa m'gulu la zopikisana pa mphoto ya Oscar ya zithunzi za zilankhulo zakunja, ngakhale kuti mphothoyo inapita ku chithunzi cha ku Italy cha Federico Fellini. Chaka chomwecho Nargis anapambana pa chionetsero cha ku Karlovy Vary m'dziko la Czechoslovakia. Kunja kwa India chinakondedwa ku Soviet Union, ku Greece ndi m'maiko ena a mu Africa. Kumpoto kwa Nigeria, pakati pa Ahausa, chinali kudzazabe maholo patapita zaka makumi angapo, ngakhale kuti oonerawo sankamva Chihindi. Mkazi wokoka pulawo ng'ombe zitalandidwa, ndi ana olirira chakudya, sizifuna womasulira.

Komatu si onse amene amachiyamikira kotheratu. Ena, makamaka olimbikitsa ufulu wa amayi, amati chithunzichi chimatamanda kupirira kwa mkazi mopitirira muyeso, ngati kuti mayi wabwino ndi amene amavutika mwakachetechete. Amanenanso kuti Birju ndiye yekha amene anaona kuti mudzi wonse ukuberedwa, nafuna kuona zolembedwa m'mabuku a Sukhilala, koma ndiye amene anaphedwa, pamene opirira anatamandidwa. Ena amayankha kuti Radha sanaphe mwana wake chifukwa choukira katapila, koma chifukwa chogwira mtsikana wosalakwa, ndiponso kuti mkazi amene analima yekha, nakana Sukhilala ana ake ali ndi njala, nabweza mudzi wonse pa msewu, sangatchedwe wofooka. Mtsutso umenewu sunathe, ndipo ndi china mwa zimene zachisunga chithunzichi. Olemba nkhani za kanema a pambuyo pake anatengera chitsanzo cha mayi wokhala pakati pa ana awiri, wina womvera lamulo wina woliphwanya, monga m'chithunzi chotchuka cha Deewaar cha mu 1975.

Eni ntchitoyi onse anatsogola. Mehboob Khan anamwalira mu 1964, Nargis mu 1981, Sunil Dutt mu 2005, ndipo Naushad mu 2006. India nayenso anasintha: madamu anamangidwa, zokolola zinachuluka, mabanki anafika m'midzi. Koma alimi ambiri a m'dzikolo akadali pa ngongole, ndipo ena amadzipha ikawakulira. Malinga ngati mlimi akukongola pa nthawi yodzala ndi kubweza mowirikiza pa nthawi yokolola, kapena kudinda chala pa pepala limene sangathe kuliwerenga, adzamzindikira Sukhilala akangomuona, ndipo adzafunsa funso limene anafunsa Birju, lakuti ngongole ya marupi 500 imatha liti.